Kuvina kotsogozedwa ndi mpweya: mmene kagulu kathu kayendera kuyambira Januwale mpaka Juni

Zolembazi ndi za kagulu kamene ndimatsogolera kamodzi pa sabata. Lamulo lake ndi limodzi: thupi lisasunthe chifukwa nyimbo yalamula kapena mphunzitsi waonetsa sitepe, lisunthe chifukwa mpweya walowa kapena watuluka. Obwera ndi osiyanasiyana. Ena mapewa anauma ndi ntchito yokhalira pansi, ena tulo timawavuta, ena ndi ofedwa, ndipo ena amangofuna kuvina popanda wowauza kuti mwendo walakwa. Sindine dokotala kapena mlangizi wa zamaganizo. Ndavina nthawi yaitali ndipo ndinaphunzirako za kapumidwe, basi. Ndalemba zimene zinavuta ndi mmene tinazikonzera kuti wofuna kuyambitsa kagulu kotere aone pamene pali maenje.

Januwale 11: chipinda ndi zida

Tinapeza chipinda cha lendi yolipira pa ola. Pansi ndi pa simenti, mawindo ali mbali imodzi yokha, ndipo khoma lina lonse ndi galasi. Anthu khumi akagona chagada n'kutambasula manja amakwana osagundana, choncho tinagwirizana kuti tisapitirire khumi.

Tinagula mphasa za raba khumi, mabulangete opepuka asanu, wotchi yapakhoma yokhala ndi muvi wa masekondi, kope lalikulu ndi chigubu cha madzi akumwa. Sipika ndi yobwereka. Pa ndalama zimene tinasonkha za miyezi itatu, lendi inadya kuposa theka, mphasa zikumaliza pafupifupi zonse zotsala. Wotchi ndiyo inali yotchipa kwambiri koma ndiyo yagwira ntchito kuposa zonse. Kuonera nthawi pa foni sikuthandiza, chifukwa wotsogolera akangotulutsa yake aliyense amakumbukira yakenso.

Aliyense asanalowe anayankha mafunso papepala: matenda a mtima, kuthamanga kwa magazi, mphumu, khunyu, pathupi, opareshoni ya posachedwa, komanso ngati amagwidwa ndi mantha adzidzidzi. Bambo wina anafunsa kuti, "Kodi tabwera kudzavina kapena kudzagonekedwa?" Ndinawauza kuti pali njira zina zopuma mothamanga mwadala kwa nthawi yaitali, monga holotropic breathwork imene Stanislav Grof ndi Christina Grof anayambitsa m'zaka za m'ma 1970, ndipo eni ake omwe amaletsa amayi oyembekezera, odwala mtima ndi a khunyu. Ife zimenezo sitichita, koma kusintha kapumidwe ngakhale pang'ono, kugona pansi ndi kudzuka, zonsezi zimakhudza mtima ndi mutu. Awiri ndinawapempha akafunse kaye kuchipatala. A mphumu tinagwirizana kuti mankhwala awo opopera m'kamwa azikhala pambali pa mphasa, osati m'chikwama kunja.

Januwale 25: chizungulire

Papepala ndondomeko inali yosavuta. Kugona chagada, kukoka mpweya powerenga mpaka 4, kuugwira mpaka 4, kuutulutsa mpaka 4, kenako manja azikwera pokoka ndi kutsika potulutsa. Mawu otsogolera anali akuti "pumani mozama, dzazani mapapo."

Sipanatenge mphindi zambiri, anthu awiri anayamba kumva chizungulire ndi dzanzi m'zala komanso kuzungulira milomo. Mayi wina zala zinayamba kupindika zokha n'kuuma gwa. Iwo ankaganiza kuti mpweya ukuwaperewera, ndiye anayamba kupuma mwawefuwefu, zinthu n'kumaipiraipira.

Apa ndi pofunika kumvetsa bwino chifukwa ndi pamene magulu ambiri otere amasochera. Munthu akapuma mochuluka kuposa mmene thupi likufunira, amataya mpweya wa carbon dioxide wambiri. Okosijeni amakhala alimo kale wokwanira m'magazi. Chimene chachepa ndi carbon dioxide, ndipo akachepa, mitsempha ya magazi yopita ku ubongo imachepa mpata, mutu n'kupepuka, zala n'kuchita dzanzi. Msampha wake ndi wakuti munthuyo amamva ngati akubanika, ndiye amaonjezera chimene chikumudwalitsacho.

Tinawakhazika tsonga atatsamira khoma. "Mayi, tsekani pakamwa, mpweya ulowe m'mphuno pang'ono chabe. Potulutsa songolani milomo, utuluke osathamanga. Tandiuzani, mukuona zinthu zingati zofiira m'chipinda muno?" Zala zinamasuka patapita kanthawi. Wina anati tiwapumitse m'thumba la pepala. Ndinakana. Ndi njira yakale imene azaumoyo ambiri salimbikitsanso, chifukwa ngati vuto lenileni ndi mphumu kapena mtima, thumbalo limamumana munthu okosijeni amene akumufuna. Tinalemba pachikuto cha kope kuti wina akamva kupweteka pachifuwa, akakomoka, kapena akapanda kupeza bwino, tikupita naye kuchipatala popanda kukambirana.

Mudzamva ena akunena kuti dzanzi limeneli ndi chizindikiro chakuti zowawa zakale zikutuluka m'thupi. Ine sindivomereza. Lingamugwire aliyense amene wapuma mopitirira muyeso, kaya ali ndi chisoni kaya alibe, ndipo kumuuza munthu kuti alimbikire pamenepo n'kumuika pangozi pachabe.

Zosintha zinali zitatu. Mawu akuti "mozama" ndi "dzazani" anachotsedwa. Kugwira mpweya kunachotsedwa. Kuwerenga nakonso kunachotsedwa, chifukwa 4 wa munthu wina ndi wautali, wa wina ndi waufupi, ndipo nkhope zonse zinkaoneka kuti zili pa masamu. Patsala lamulo limodzi: kukoka kusiyeni kuchite kokha, kutulutsa ndiko kutalikeko pang'ono.

Febuluwale 8: kufufuza nthiti

Pansi pa mapapo pali mnofu waukulu wopyapyala umene madokotala amautcha diaphragm, wooneka ngati mbale yovundikira. Ukakungika umatsika, mapapo amakula, mpweya n'kulowa. Ukamasuka umabwerera m'mwamba. Ambiri m'kagulu kathu ankapuma ndi chifuwa cham'mwamba, mapewa akukwera mpaka m'makutu, khosi litauma.

Tinayesa njira yodziwika yoika buku pamimba kuti lizikwera ndi kutsika. Sinathandize. Anthu anaphunzira msanga kutukumula mimba ndi mphamvu, buku likukwera bwino ndithu koma mpweya uli pakhosi pomwepo. Chimene chinagwira ntchito sichinadye ndalama iliyonse: tinang'amba nsalu yakale yofunda n'kupanga malamba aataliatali. Lamba amazunguliridwa pa nthiti zam'munsi, amapingasitsidwa kutsogolo, munthu n'kugwira nsonga zake. Pokoka mpweya, nsalu imakoka manja chifukwa nthiti zikutambasukira m'mbali ndi kumbuyo. Zimenezo n'zovuta kunamizira. Kugona chafufumimba, mphumi itatsamira pamanja, nakonso kunathandiza chifukwa msana ndiwo umakwera. Amene msana umawavuta anagona chammbali, bulangete lopinda lili pakati pa mawondo.

Tsiku lomwelo aliyense anagwira pamkono kumvetsera kugunda kwa mtima wake. Pokoka mpweya umafulumirako, potulutsa umachedwako. Umu ndi mmene thupi limagwirira ntchito kudzera mu mtsempha wotchedwa vagus, ndipo n'chifukwa chake timatalikitsa kutulutsa osati kukoka. Achinyamata anamva kusiyanako mosavuta. Bambo wachikulire sanamve kanthu ndipo anayamba kuda nkhawa, mpaka nditawauza kuti kusiyanako kumachepa munthu akamakula.

Vuto linabwera ndi manambala. Ndinanena kuti munthu wamkulu akakhala phee amapuma ka 12 mpaka ka 20 pa mphindi, ndipo ofufuza za kupuma pang'onopang'ono nthawi zambiri amayesa pafupifupi ka 6 pa mphindi. Sabata yotsatira zinasanduka mpikisano. Wina anabwera akunyadira kuti wafika pa 5, koma atakunga nsagwada ndi mapewa omwe. Manambala tinasiya kuwatchula pagulu.

Febuluwale 22: simenti

Simenti imazizira ndipo sibwezera. Tikagona kupitirira mphindi khumi anthu ankanjenjemera, ndipo munthu wozizidwa sapuma momasuka. Mabulangete asanu sanakwane, tinaonjeza ena asanu. Titaimirira mphasa zinkaterera ndi kupindika m'mapazi. Ovala masokosi ankaterereka, opanda nsapato zidendene zikuwawa, ndipo awiri anadandaula mawondo tsiku lotsatira.

Malo ovinira enieni amakhala ndi matabwa oyalidwa pamwamba pa timapilo ta raba kuti pansi pazinyuka pang'ono. Titawerengera matabwa ndi mmisiri, mtengo unaposa lendi ya chaka, komanso chipinda si chathu. Mnzathu wina anabweretsa kapeti yakale. Inafewetsa pansi koma fumbi lake linadzutsa mphumu ya mtsikana wina tisanafike ndi pakati pomwe, ndiye inabwerera kwa mwini wake. Pa chifukwa chomwecho tinakana zofukiza ndi mafuta onunkhira amene wina ankafuna kubweretsa.

Tinamaliza motere: mphasa ndi za gawo logona lokha, tikaimirira zimaunjikidwa pakona. Kudumpha kulibe. Nsapato zofewa zopanda chidendene n'zololedwa, masokosi okha ayi. Podzuka munthu amagubudukira kumbali, amakhala tsonga, amadikira mpweya ulowe ndi kutuluka kangapo, kenako n'kuima, chifukwa kudzambatuka kuchoka pogona kumachepetsa magazi opita kumutu kwa kanthawi ndipo wina anali atadzandira kale.

Malichi 8: nyimbo inalanda utsogoleri

Ili ndilo vuto limene latidyera nthawi yambiri. Gawo logona linali litayamba kuyenda. Tinabwereka zina mwa zochita za Irmgard Bartenieff, amene anaphunzira kwa katswiri wa kavinidwe Rudolf Laban ndipo anagwiranso ntchito ndi odwala poliyo ku New York: kugona chagada mawondo atapindika, n'kuwasiya agwere mbali imodzi potulutsa mpweya, kapena kuzungulitsa mkono pansi maso akuutsatira. Zimenezi zinkachokeradi mu mpweya. Munthu ankadikira kutulutsa kuyambe, mawondo n'kutsatira.

Koma tikangoimirira n'kuyatsa sipika, zonse zinkathera pomwepo. Nyimbo ya kugunda kwamphamvu imagwira mapazi ndi chiuno munthu asanaganize n'komwe. Anthu ankavina bwino kwambiri, ena mochititsa kaso, koma ukayang'ana nthiti unkapeza kuti zaima. Ambiri ankagwira mpweya pa sitepe yovuta n'kuutaya wonse nthawi imodzi. Kuvina kotero si koipa, ndipo kumasangalatsa, koma si kumene tinasonkhanira.

Ndinayesa kusanja nyimbo motsanzira njira ya kavinidwe yotchedwa 5Rhythms ya Gabrielle Roth, imene imayamba ndi kuyenda kosalala, kenako kodukizadukiza, n'kufika pachipwirikiti, kupepuka, mpaka bata. Anthu anaikonda. Komabe njira imeneyo inapangidwa kuti nyimbo itsogolere ulendo, ndipo inatsogoleradi. Tinkafika pa bata anthu ali wefuwefu, mpweya ukuthamangira thupi m'malo moti thupi litsate mpweya.

Kenako tinazimitsa sipika. Chipinda chinangoti zii. Mimba ya wina inalira, wina anaphulika kuseka, onse n'kutsatira. Ataleka kuseka anangoima njo, manja ali lende, aliyense akuyembekeza mnzake ayambe. Bata lopanda chogwira limachititsa manyazi, makamaka kwa anthu amene sadziwana bwino.

Malichi 22: mawu a m'kamwa mwathu

Yankho linachokera kwa mayi wina amene amaimba kwaya. Anati, "Nanga bwanji nyimboyo tizipanga tokha ndi mpweya womwewo?" Tinayesa kung'ung'udza "mmm" pakamwa potseka nthawi yonse imene mpweya ukutuluka, n'kusuntha pokhapokha mawu akumveka. Mawu akatha, thupi limaima, mpweya umalowa wokha, kenako zimayambiranso. Zinakonza zinthu zingapo nthawi imodzi. Kutulutsa kunatalika popanda kuwerenga. Kugwira mpweya kunatha chifukwa ukaugwira mawu amaduka ndipo umadzimva wekha. Manyazi anachepa chifukwa chipinda chinadzaza ndi phokoso la aliyense, losiyana kutalika. Ine ndinatha kudziwa ndi khutu amene akudzikakamiza, chifukwa mawu ake ankanjenjemera kumapeto.

Si ife oyamba kuchita zotere. Emilie Conrad anamanga njira yake ya Continuum, imene anaiyamba mu 1967, pa mpweya, mawu ndi kusuntha kwapang'onopang'ono. Titasinthasintha mawu tinaona kuti lililonse limabala kavinidwe kake. "Sss" amatulutsa mizere yaitali yopyapyala, manja akudula mlengalenga. "Haa" amagwetsa chifuwa ndi mutu. "Mmm" amazungulitsa. Palibe amene anaphunzitsidwa zimenezi, zinangobwera.

Pamenepo mpamene ndinalowetsa zinthu ziwiri za ovina akale. Martha Graham, amene anakhazikitsa gulu lake mu 1926, anamanga kavinidwe kake pa kupinda thupi kuchokera m'chiuno potulutsa mpweya ndi kuwongoka pokoka. Doris Humphrey anamanga kake pa kugwa ndi kubwerera. Sindinaphunzitse maonekedwe ake enieni, amene amafuna zaka zambiri. Ndinangofunsa kuti, "Mpweya ukamatuluka, n'chiyani chikufuna kupinda kapena kugwa? Ukamalowa, n'chiyani chikudzuka?" Kwa wina unali msana wonse, kwa wina chala chimodzi.

Nyimbo tsopano imalowa kumapeto kokha, ndipo imakhala ya mawu otalika opanda kugunda koonekera. Mnyamata wina woimba ng'oma anayesa kutsatira mpweya wa wovina m'malo moti wovina atsatire ng'oma. Kwa munthu mmodzi zinali zokoma kuonera. Pagulu sizinatheke, chifukwa anthu khumi ali ndi kapumidwe khumi, ndipo ng'oma ikasankha mmodzi enawo amamutsatira. Tinamuthokoza, ng'oma inabwerera.

Epulo 5: galasi

Zachidule. Aliyense amene wayang'anizana ndi galasi ankakoka mimba m'kati n'kukonza mapewa, ndipo mimba yokokedwa siilola diaphragm kutsika bwino. Tinafuna kuliphimba, koma mwini chipinda anakana misomali. Tinagula chingwe ndi zomata zochotseka, n'kumapachika mabulangete aja tikamaliza gawo logona. Zomata zoyamba zinagwa ndi kulemera, zachiwiri zokulirapo zikugwirabe. Zimatidyera mphindi zisanu za lendi sabata iliyonse ndipo sindidandaula nazo.

Epulo 19: maso otseka ndi mboni

Tinayesa kugwira ntchito awiriawiri motengera Authentic Movement, njira imene Mary Starks Whitehouse anayamba m'zaka za m'ma 1950 ndipo Janet Adler anaikulitsa. Mmodzi amasuntha atatseka maso, kudikira chimene thupi likufuna. Winayo amakhala pambali kumuyang'anira mwakachetechete, ngati mboni. Pamapeto amakambirana.

Zinthu zitatu zinasokonekera tsiku limodzi. Choyamba chinali chopepuka: awiri anagundana mitu. Tsopano osuntha amakhala asanu okha nthawi imodzi, aliyense m'dera lake, ndipo wofuna kusuntha mothamanga kapena kutambasula kwambiri amatsegula maso.

Chachiwiri chinali chachikulu. Mtsikana wina atatseka maso n'kuika maganizo pa mpweya wake, mtima unayamba kuthamanga, thukuta lili kamukamu, n'kuthawira pakhomo. Sanapume mopitirira muyeso ngati mayi a mu Januwale aja. Kwa anthu ena, makamaka amene anakumanapo ndi zoopsa kapena amene amagwidwa ndi mantha adzidzidzi, kumvetsera m'kati mwa thupi ndiko kumadzutsa mantha. Mabuku ambiri olimbikitsa kupuma sanena zimenezi mokwanira. Mboni yake, pofuna kuthandiza, inamukumbatira kuchokera kumbuyo, ndipo zinaipa kuposa poyamba.

Malamulo amene anatuluka pamenepo ndi awa. Kutseka maso n'kosankha, ndipo ndimanena zimenezi sabata iliyonse, osati kamodzi kokha. Amene mpweya ukumuopsa amasiya kuumvetsera n'kuika maganizo pa mapazi pamene akuponda, kapena pa dzanja logwira khoma, kapena pa chinthu chimene akuchiona. Mpweya umadzikonza wokha kumbuyo. Njira yopita pakhomo simatsekedwa ndi zikwama. Palibe kugwira munthu osapempha, ndipo kupemphako kumachitika maso ali otsegula, masewero asanayambe. Mtsikanayo anabweranso patapita sabata ziwiri. Amavina maso ali otsegula, pafupi ndi khomo, ndipo amatsogozedwa ndi "sss" wake osati ndi kumvetsera chifuwa.

Chachitatu chinali cha pakamwa. Pokambirana, bambo wina anauza mnzake kuti, "Achimwene, ndaona kuti muli ndi mkwiyo waukulu umene mukubisa." Winayo anangoti khuma, ndipo sanabwerenso. Mboni siiloledwanso kumasulira. Wosuntha ndiye amayamba kulankhula, ndipo akafuna kukhala chete, nkhani yatha. Mboni imanena zimene maso aona ndi zimene yamva m'thupi mwake: "Ndinaona dzanja lanu likukwera n'kuima, ndipo ine ndinamva pachifuwa panga pakulemera." Kunena zimene zili mumtima mwa wina ayi. Anthu zimawavuta kwambiri, chifukwa tonse timakonda kuoneka ozindikira.

Kulira kumachitika, ndipo sitikuthamangira kapena kukuimitsa. Wolira amapatsidwa malo ndi bulangete ngati akulifuna. Koma apa mpamene ndinaona malire a kagulu kathu. Kuchiza ndi kuvina ndi ntchito imene anthu amaiphunzira kusukulu kwa zaka. Marian Chace anayamba kuvina ndi odwala maganizo pachipatala cha St. Elizabeths ku Washington m'zaka za m'ma 1940, ndipo bungwe la ochiza ndi kuvina ku America, la American Dance Therapy Association, linakhazikitsidwa mu 1966, iye ali mtsogoleri wake woyamba. Ife sitili pamenepo ndipo papepala lathu loitanira anthu ndinafufuta mawu akuti "machiritso". Ndinakambirana ndi mlangizi wa zamaganizo amene anavomera kuti tizimutumizira anthu, ndipo awiri apitako. Wina akundifotokozera zoopsa zimene zinamuchitikira, ndimamvetsera, koma sindikumba.

Meyi 10: ndalama ndi anthu

Ndalama za miyezi itatu zinatha, ndipo pofika Meyi obwera mokhazikika anali asanu ndi mmodzi. Kulipira tsiku limene wabwera kunatipweteka, chifukwa lendi sichepa anthu akachepa. Tinasintha kuti aliyense azilipira za mwezi wonse poyamba, ndipo malo amodzi akhale aulere kwa amene sangakwanitse, osatchula dzina. Nthawi tinaichepetsa kuchoka pa maola awiri kufika pa ola ndi theka. Lendi inatsika, ndipo kunena zoona theka la ola limene tinadulalo linali la ine kulankhula.

Ndinafunsa ena mwa amene anasiya. Mmodzi anati n'zochedwa kwambiri, iye amafuna thukuta. Wina anati kung'ung'udza pagulu kumamuchititsa manyazi mpaka pano. Wina nthawi sinamuyenere. Palibe chimene ndikusintha chifukwa cha woyambayo, pakuti malo otulutsa thukuta alipo ambiri. Chifukwa cha wachiwiriyo, tsopano ndimayatsa fani poyamba kuti mawu a munthu asamveke okhaokha, n'kuizimitsa onse akalowa m'mawu.

Ntchito ya kunyumba ya mphindi khumi tsiku lililonse palibe anaichita kupitirira sabata imodzi. Tinaisiya. M'malo mwake aliyense anasankha kanthu kamene amachita kale tsiku ndi tsiku, monga kudzuka pampando kapena kutsegula chitseko, kuti azikachita potulutsa mpweya. Zimenezi ena akuzikumbukira.

Meyi 24: kuyeza

Tinkafuna kudziwa ngati pali chikusintha. Kudziwerengera wekha kapumidwe sikuthandiza, chifukwa ukangoyamba kuwerenga umasintha kapumidweko. Tsopano mnzako ndiye amayang'ana nthiti zako ndi wotchi kwa mphindi imodzi pa nthawi imene sunauzidwe, poyamba ndi pomaliza, n'kulemba m'kope osalengeza. Aliyense alinso ndi tsamba lojambulidwa thupi la munthu, pamene amadetsa malo omangika asanayambe ndi atamaliza.

Ambiri amapuma mochedwerako pomaliza kuposa poyamba, ndipo mapewa ndi nsagwada ndiwo malo amene amadetsedwa kawirikawiri n'kuyera pang'ono pamapeto. Atatu amati amagona bwino usiku wa tsiku lovina. Sindingapite patali kuposa apa. Munthu aliyense amene wagona pansi ola lathunthu pamalo abata angapume mochedwerako, kaya wavina kaya ayi. Komanso m'kopemo muli mawu a amene anatsala okha. Amene sizinawathandize anachoka ndi umboni wawo. Chimene ndingaikire kumbuyo ndi chimene ndimaona ndi maso: bambo aja amene anafunsa za kugonekedwa poyamba ankakweza mkono mapewa ali m'makutu mpweya atagwira, ndipo tsopano mkono umakwera mochedwa, nthiti zikuyenda, nkhope itamasuka.

Juni 14: pamene tili

Ndondomeko ya lero ndi iyi. Mphindi khumi zofika ndi kunena m'mawu ochepa mmene thupi lilili. Mphindi makumi awiri pansi, ndi malamba a nsalu ndi mawondo ogwera m'mbali. Kudzuka mosathamanga, kuunjika mphasa, kuphimba galasi. Mphindi makumi awiri za kusuntha ndi mawu a m'kamwa, popanda sipika. Mphindi khumi ndi zisanu za awiriawiri, sabata ina inde ina ayi, chifukwa sabata iliyonse zinkalemera. Kenako nyimbo imodzi kapena ziwiri, ndipo zotsalazo timakhala pansi, maso otsegula, kumwa madzi. Palibe amene amatuluka atangochoka m'kuvina. Wina anayesapo ndipo anati panjira mutu unali usanabwerere.

Ziwiri sizinakonzeke. Mawindo akatsekedwa chipinda chimatentha ndipo anthu amayasamula ndi kulemedwa mutu. Akatsegulidwa phokoso la kunja limameza kung'ung'udza kwathu. Pakadali pano timatsegula pa gawo logona ndi pa nyimbo, n'kutseka pa gawo la mawu, koma kuimirira kukatseka mawindo kumadula zinthu pakati. Ndikufufuza chipinda chokhala ndi mawindo mbali ziwiri.

Chinacho ndi alendo. Munthu watsopano akalowa pakati pa mwezi, amafunika zonse za mu Januwale ndi Febuluwale, ndipo akale amatopa kubwereza. Kumudumphitsa n'koopsa, chifukwa chizungulire chija chimagwira watsopano amene akufuna kuonetsa khama. Kuyambira Julayi, atsopano azilowa sabata yoyamba ya mwezi yokha, azifika theka la ola enawo asanabwere, ndipo aliyense azipatsidwa wakale mmodzi womuonetsa lamba wa nsalu. Theka la ola limenelo likweza lendi, ndipo gulu silinagwirizane ngati alipire ndi atsopanowo kapena tonse. Tikambirana sabata yamawa, pamodzi ndi za mphasa ziwiri zimene zang'ambika m'mphepete.